Nyumba Zoyenera Kuziona mu Mzinda wa Blantyre

Munthu wa kumudzi akafika ku Blantyre ulendo woyamba, maso ake amathamangira ku zinthu zazitali. Atsika basi pa Wenela, katundu ali kumutu, naima kuwerenga mazenera a nyumba zosanjikizana kuyambira pansi kufikira pamwamba, mpaka khosi kumuwawa. Pobwerera kwao akasimba kuti waona nyumba yotalika kuposa mtengo wa mbawa. Koma akamfunsa kuti anaimanga ndani, anaimanga ndi chiyani, nanga m'kati mwake mumapita mphepo kapena ayi, iye angoti kakasi, kusowa choyankha. Munthu wotere waona msinkhu wa nyumba, koma nyumbayo sanaione.

Kuona nyumba kufanana ndi kuwerenga buku. Amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu kale akumbukira bwino kuti masiku oyamba zilembo zinali ngati nyerere zobalalika papepala. Pambuyo pake, atadekha, nyererezo zinaima m'mizere ndi kuyamba kulankhula. Khoma nalonso liri ndi mau ake. Limanena za manja amene analiimika, za dothi limene analiumbira, ndiponso za nzeru kapena kupusa kwa mwini wake pa nkhani ya dzuwa ndi mvula. Nyumba yoyenera kuiyendera ulendo ndi imene iri ndi zambiri zouza munthu wofatsa, ngakhale ikhale yaifupi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Blantyre, kumene ena amakutchulabe Kabula, ndi mzinda wokhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Pa kalembera wa m'chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 800,000. Chiyambi chake chinali chaching'ono. M'chaka cha 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni, natcha malowo Blantyre, dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Pamalo pomwepo ndi pamene paima nyumba imene mlendo ayenera kuyamba kuiona, ndipo kuchokera pa Wenela ndi mtunda waufupi woyenda pansi.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels

Tchalitchi ichi chinayamba kumangidwa m'chaka cha 1888, ndipo chinatsegulidwa pa 10 May 1891. Amene anachilingalira ndiye mbusa David Clement Scott, mkulu wa mishoniyo kuyambira 1881, yemwenso analemba buku lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja limene linatuluka mu 1892. Scott sanaphunzire ntchito ya zomangamanga kusukulu iriyonse. Anthu amene anagwira naye ntchito anali a m'midzi yozungulira, odziwa kuimika nyumba ya mitengo ndi kuiphoma, koma osamangapo nyumba yotere ndi kale lonse. Panalibenso chithunzi chathunthu chojambuliratu papepala. Akafuna kumanga chigawo chovuta, ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, kuona ngati zigwirana. Zikagwirana, ankaphwasula ndi kumanganso kwenikweni.

Mlendo akafika asafulumire kulowa. Ayambe waima kutsogolo, kumbali ya kumadzulo, nayang'ane nsanja ziwiri zimene ziri uku ndi uku kwa khomo lalikulu. Poyamba adzayesa kuti nzofanana. Akayang'anitsitsa adzaona kuti sizifanana ai: iriyonse iri ndi makongoletsedwe akeake, monga ana awiri a mimba imodzi amene wina watengera atate, wina amai. Kenaka azungulire pang'onopang'ono. Adzaona denga lozungulira longa mphika wovundikira, litakhala pamwamba pamene mbali zinai za nyumbayo zikomana, pakuti nyumba yonse inayalidwa monga mtanda. Kumapeto a kum'mawa khoma lakhota ngati theka la nkhokwe. M'mbali muli mizati ya njerwa yoimirira panja, yotambasula mkono nkugwiriza khoma, monga momwe mlimi amachirikizira nthochi yolemedwa ndi mkoko. Mizati imeneyi si yokometsera chabe. Denga lolemera limakankha makoma kuti atseguke kunja, ndipo mizatiyo ndiyo ibweza mphamvu imeneyo ndi kuitsikitsira pansi.

Koma ulemerero weniweni wa nyumbayi uli m'njerwa zake. Zonse zinaumbidwa pomwepo ndi dothi la pomwepo, niziotchedwa m'mauvuni a nkhuni. Amene anaziwerenga akuti pali mitundu 81 ya njerwa: zina zamakona anai monga mwa masiku onse, zina zokhota, zina zosongoka, zina zozokotedwa. Amene anaumbapo njerwa adziwa tanthauzo la chiwerengero chimenechi. Mtundu uliwonse ufuna chikombole chakechake. Njerwa imanyala pouma, ndipo imanyalanso pootcha. Tsono woumba ayenera kudziwiratu kukula kumene idzakhala nako potuluka muuvuni, kuti ikalowe bwino pamalo pake. Polakwitsa pang'ono, chipata chokhota pamwamba sichikomana, kapena chikomana nkugwa mvula yoyamba. Zipata za tchalitchichi zaona mvula ya zaka zoposa 130, ndipo ziri chiimire.

Apa ndi pamene mbiri imene imasimbidwa kawirikawiri ipelewera. Alendo amauzidwa za chodabwitsa chimene anamanga mzungu wosaphunzira umisiri, ngati kuti Scott anaponda yekha matope, nasenza yekha nkhuni, nakhala yekha usiku kusonkheza moto wa uvuni. Nzeru zake palibe angazikane, ndi kulimba mtima kwake komwe. Komatu mutu umodzi susenza denga. Diso limene linaona kuti njerwa iyi yapsa bwino, iyo njosapsa, linali la munthu wa kuno. Dzanja limene linasunga mzere woongoka pamwamba pa nsanja linali la munthu wa kuno. Mlendo wowerenga khomali moona ayenera kuwerengamo amisiri aja, ngakhale kuti dzina lotchuka ndi la mmodzi yekha.

Kodi nyumbayi iribe chilema? Chiripo. Choyamba, njaing'ono. M'litali mwake ndi mapazi 106, m'mimba mwake mapazi 30, ndipo kuchokera pansi kufika pamsonga pa denga ndi mapazi 37. Kunja imaoneka yaikulu chifukwa cha nsanja ndi zokometsera zake, koma wolowa m'kati amadabwa kuona kupanikizika kwake, ndipo wokhala kuseri kwa nsanamira saona bwino kuguwa. Mpingo unakula kuposa nyumba yake, kotero kuti pafupi pake anamangapo holo yaikulu yosonkhaniramo. Chachiwiri, Scott anatola maonekedwe ku maiko ambiri: denga lozungulira nla matchalitchi a kum'mawa, mizati yochirikiza nja matchalitchi a ku Ulaya, ndipo pena pali tinthu tokumbutsa nyumba za Aluya. Wokonda chinthu chimodzi choyera anganene kuti ndiwo zachuluka mumphika umodzi. Mau amenewo sali opanda pake. Pali mbali zina zimene diso lisowa popumira, chifukwa paliponse pali chozokota.

Chimene chiipulumutsa ndi njerwa yomweyo. Popeza zonse zinachokera m'dothi limodzi, ndi maonekedwe amodzi ofiirira, zinthu zobwerekazo zimamvana ngati anthu a mitundu yosiyana olankhula chinenero chimodzi. Ikanamangidwa ndi miyala pano, simenti apo, matabwa uko, bwenzi iri chisokonezo. Ndipo kusakaniza kumeneku kugwirizana ndi maganizo a mwini wake, pakuti Scott anaumirira kuti anthu akuda ndi azungu azipembedza m'nyumba imodzi, chinthu chimene azungu ambiri a masiku amenewo sanakondwere nacho. Anaika patsogolo anthu a kuno pa ntchito za mpingo. Mmodzi wa iwo, Harry Kambwiri Matecheta, anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1911.

Kuti kumanga ndi njerwa kunali nkhani yaikulu masiku amenewo, umboni wake uli ku Chiradzulu, kum'mawa kwa mzindawu. Kumeneko, pa Mbombwe, John Chilembwe ndi anthu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Itatha nkhondo yake ya mu January 1915, asilikali a Boma la atsamunda anachiphulitsa ndi wonga. Munthu saononga wonga pa chinthu chopanda mau. Iwo anadziwa kuti khomalo linali kulankhula, ndipo chimene linali kunena sanachifune.

Nyumba ya Mandala

Kuchoka pa mishoni, mlendo adutse pakati pa mzinda, aoloke mtsinje wa Mudi pafupi ndi msika, nakwere chitunda cha Mandala. Pamenepo pali nyumba yakale kuposa tchalitchi chija, yomangidwa m'chaka cha 1882, imene imatchedwa nyumba yakale koposa mwa zonse za mamangidwe a chizungu zotsala m'Malawi. Inali ya kampani ya malonda ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878, ndipo oyang'anira ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso. Anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira ku nyumba, ku sitolo za kampaniyo m'dziko lonse, ndi ku chitunda chomwe. Ndi pa Mandala pomwepa pamene anthu a Chilembwe anadza usiku mu 1915 kudzafuna mfuti m'nyumba yosungiramo zida ya kampaniyo.

Amene wangochoka kumene ku St Michael angaione nyumbayi ngati yosauka. Iribe nsanja, iribe chozokota. Ndi nyumba yosanja kamodzi, ya makoma ochindikala a njerwa ndi dothi, yozingidwa ndi khonde lalikulu. Koma pa nkhani yodziwa dziko limene yaimamo, nyumba ya Mandala iposa tchalitchi chija. Khonde ndilo nzeru yake yonse. M'mwezi wa October, dzuwa likafika paliwombo, silikhudza khoma, choncho zipinda zimakhala zozizira. M'mwezi wa January mvula ya mphepo imathera pakhonde, osanyowetsa dothi la khoma. Ndicho chifukwa chake nyumba ya zipangizo zofewa chotere yakhala zaka zoposa 140. Khoma lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono usana, ndi kukutulutsa usiku pamene kunja kwazizira, monga m'miyezi ya chiperoni.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa munthu wa kumudzi. Agogo ake ankatulutsa denga la udzu kupitirira khoma, nalichirikiza ndi nsichi, kuti chipupa chisakokoloke, ndiponso kuti pakhale pokhala alendo, potonola chimanga, ndi pogona mwana masana. Chotero mlendo akakhala pakhonde la Mandala asadzione ngati walowa m'dziko la eni. Akuona chinthu cha kwao chitavala malaya ena. M'zipinda za pamwamba muli mabuku ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society. Kwa munthu amene wadziwa kumene kuwerenga, malo otere ali ngati nkhokwe yodzaza kwa wochokera ku njala.

Ziyenera kunenedwanso kuti kukoma kwa nyumba sikuyeretsa zonse zochitika m'menemo. Katundu wa kampaniyo ankayenda pamitu ya amtengatenga, kuchokera kumtsinje wa Shire kukwera mapiri kufika pabwaloli, njanji isanafike ku Blantyre mu 1908. Khondelo silinamangidwire iwo.

Pakati pa mzinda

Zotsala zingaonedwe mofulumira. Mumseu wa Victoria Avenue muli holo yakale ya mzinda, yomangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 pokumbukira mfumukazi Victoria. Njofatsa, yosadzitukumula, ndipo ikumbutsa za masiku amene Blantyre anali ka tauni ka miseu yowerengeka. Njoyenera kuiimira pang'ono, koma iribe zambiri zonena.

Zoposa pamenepo ndi sitolo zakale za amwenye, makamaka za ku Limbe, tauni imene inakula chifukwa cha njanji niphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Alendo saziyendera, ndipo zambiri nzothimbirira. Koma mamangidwe ake ngoyenera kuwapenyetsetsa: sitolo pansi, banja pamwamba kapena kuseri, ndipo kutsogolo denga lotuluka kufikira m'mphepete mwa mseu, litaima pa nsanamira. Pansi pa dengalo telala apalasa makina ake, wokonza nsapato akhoma misomali, mai wobereka mwana ausa mvula. Mwini sitolo anamangira malonda ake, zoonadi, koma mthunzi wake unagwera aliyense, wogula ndi wosagula yemwe. Sitolo zikandandalikana chotero, munthu atha kuyenda mseu wonse osapsa ndi dzuwa.

Tsono mlendo ayerekeze zimenezi ndi nyumba zambiri zatsopano za maofesi, zimene nkhope yake yonse ndi galasi kuchokera pansi kufika pamwamba. Zimanyezimira, ndipo ndizo zinakopa maso ake pa Wenela paja. Koma galasi limalowetsa dzuwa ndi kutsekera kutentha m'kati. Mamangidwe otere anabadwira ku maiko ozizira, kumene dzuwa ndi mlendo wosowa amene amamkokera m'nyumba. Kuno afuna makina oziziritsa mpweya tsiku lonse. Magetsi akazima, ogwira ntchito m'katimo amasanduka nsomba zapachiwaya. Panja pake palibe pousa, pakuti khoma latsika chiriri mpaka pansi, ndipo wodutsa amangodziona yekha m'galasi akuchita thukuta. Sikuti nyumba yatsopano iriyonse njolakwika. Ziripo zina zimene amisiri ake anaika timadenga ta simenti pamwamba pa mazenera, kapena kulowetsa mazenerawo m'kati mwa khoma kuti akhale mumthunzi. Zimenezo zinaphunzira kwa khonde. Mlendo ayese kuzisiyanitsa yekha poyenda: aone kumene kuli dzuwa, aone ngati zenera liri ndi chipewa kapena liri mbulanda.

Pa Chichiri, mseu waukulu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, umapita kunsi kwa chipilala chokumbutsa ufulu umene dziko linalandira pa 6 July 1964. Tanthauzo lake nlolemera kwa Mmalawi aliyense, ndipo palibe angalichepetse. Koma monga chomangidwa, chinapangidwira munthu wa pagalimoto, amene amachiona kamphindi nadutsa. Woyenda pansi asowa poima mwamtendere kuti achiyang'ane, chifukwa cha magalimoto a mbali zonse. Chikumbutso cha ufulu wa anthu onse chikanakhala ndi bwalo ndi mthunzi, pamene nkhalamba ingakhale pansi ndi kufotokozera mdzukulu wake.

Njerwa ndi mitengo

Pali kanthu kena kamene wokonda njerwa zofiira ayenera kukavomera, ngakhale kali kowawa. Njerwa yootcha imadya nkhuni. Tchalitchi chimodzi sichikanatha nkhalango. Koma mzinda wonse utatengera njira yomweyo, mauvuni anafuka m'mbali zonse kwa zaka zambirimbiri, pamodzi ndi makala ndi nkhuni zophikira. Amene aima pabwalo la mishoni nayang'ana phiri la Ndirande lero aona miyala ndi minda pamene panali mitengo. M'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba ndi anthu ambiri ku Chilobwe. Boma linali litaika kale lamulo mu 2018 loletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za Boma ndi za malonda, ndipo tsopano nyumba zazikulu zimakwera ndi mabuloko a simenti.

Lamulolo nlomveka. Koma litanthauza kuti nyumba yonga St Michael siidzamangidwanso mwa njira yakale ija, ndipo iyi imene iripoyi iribe inzake yodzailowa m'malo. Iyo pamodzi ndi nyumba ya Mandala ziri m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo la dziko, chotero palibe angazigwetse mwa kufuna kwake. Sitolo za makonde zija zidalira mtima wa eni ake. Malo a pakati pa mzinda akwera mtengo, ndipo mwini malo akawerengera ndalama aona kuti nyumba yosanja kasanu ipindula kuposa yakale ya agogo ake. Imodzi ikagwa, mzere wa mthunzi uja umaduka, ndipo telala amasamukira pansi pa ambulera.

Ngakhale nyumba yotetezedwa ndi lamulo siitetezeka ku mvula ndi ndere. Njerwa yakale ikafumbutuka, pafunika ina ya mtundu womwewo mwa mitundu 81 ija, ya muyeso womwewo, yopsa mofanana. Kuimata ndi simenti yolimba nkuipweteka, pakuti simenti imatsekera chinyezi m'kati, ndipo njerwa yofewa imayamba kudyeka kuseri kwake. Ntchito yotere ifuna mmisiri wodziwa kusema chikombole, wodziwa dothi pongolifinya m'manja, ndi woleza mtima kusanja njerwa zouma kawiri kapena katatu asanaike matope. Anyamata ambiri amene akuphunzira zomanga masiku ano akuphunzira pa mabuloko, amene onse ali a nkhope imodzi.